Mamita 400 oyambirira kuchokera pa siteshoni ya Luchenza

Mawu akuti "pafupi ndi siteshoni" amagulitsa malo, ndipo akuti "pafupi ndi bwalo la ndege" amagulitsa koposa. Kukangomveka mphekesera yoti njanji ya kumwera ikukonzedwa, madobadoba amayamba kuzungulira ndi mapepala kukhwapa, puloti ya m'mbali mwa njanji n'kukwera mtengo sitima isanaimbe n'komwe huta. Zalembedwa apazi ndi za makhansala, mafumu, a komiti ya msika ndi wina aliyense amene akuganiza zomanga pafupi ndi siteshoni ya Luchenza, kapenanso ya Khonjeni ndi Sandama: choyamba n'chiti, miyeso yake ndi yotani, ndipo zinthu zimasokonekera pati.

Luchenza ndi mwana wa njanji. Njanji ya Shire Highlands Railway yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo pa Luchenza ndi pomwe tiyi wa ku Mulanje ndi ku Thyolo ankakwerera sitima. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatha mu 1935, katundu ankatha kufika ku Beira osatsitsidwa panjira. Njirayi inaduka pa Chiromo mu 1997, madzi osefukira a mu 2015 anaononganso malo ena, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasonyeza poyera zomwe madzi a kuno amachita akakwiya. M'zaka zonsezi malonda anasamukira ku msewu wa M2, tawuni n'kufulatira njanji yomwe inaibereka. Ntchito yomwe ilipo ndi yoitembenuza kuti khomo lake liyang'anenso ku siteshoni.

Okonza mizinda amati transit-oriented development, koma tanthauzo lake n'losavuta: nyumba, masitolo, maofesi ndi msika zithithikane pamtunda woyenda wapansi kuchokera pokwerera, kuti munthu azitha kukhala, kugwira ntchito ndi kuyenda maulendo popanda galimoto yakeyake. Zimenezi zimatheka komwe sitima imabwera pafupipafupi. Ku Johannesburg, sitima ya Gautrain yomwe inayamba kuyenda mu 2010 imachoka pa bwalo la ndege la OR Tambo n'kufika ku Sandton m'mphindi pafupifupi 15, ndipo ikakusiya, ina imafika usanamalize kudandaula. Kwathu kuno sitima ya anthu, ngakhale pa nthawi yomwe ikuyenda bwino, yakhala ya masiku owerengeka pa sabata. Palibe wanzeru amene angamange sitolo yodikira makasitomala a kamodzi pa sabata.

Choncho lamulo loyamba ndi lakuti pa siteshoni pazikhala anthu ngakhale tsiku lomwe sitima kulibe. Zomwe zimayenda tsiku ndi tsiku kuno ndi minibasi za ku Limbe, ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Muloza, ma Sienta, ndi kabaza, wa njinga yakapalasa ndi yamoto yemwe. Depoti, siteji ya kabaza ndi msika ndiwo azidyetsa malowa, sitima idzapeza anthu ali kale pamenepo.

Kuyeza kumayambira kumapazi

Munthu woyenda mwachizolowezi amadula mamita pafupifupi 80 pa mphindi. Ndiye kuti mamita 400 ndi mphindi zisanu, mamita 800 ndi mphindi khumi. Mukazungulitsa mzere pa mapu, mamita 400 kuchokera pa siteshoni akupatsani mahekitala 50, mamita 800 akupatsani mahekitala 200. Koma mzere wa pa mapu sudziwa kuti pali mpanda wa shedi, chigwembe, manda kapena njanji yeniyeniyo. Tengani wotchi, yendani kanjira kalikonse kochokera pa pulatifomu, ndipo pomwe mphindi zisanu zathera khomanipo chikhomo. Yendani mu Febuluwale, osati mu Ogasiti, ndipo amene akutsogola akhale mayi wosenza dengu, osati mnyamata wa manja lendelende. Mukalumikiza zikhomozo pa mapu, chomwe chituluke chidzafanana ndi tsamba la papaya: kwina kwatalika, kwina kwadyeka mpaka pafupi ndi tsinde. Modyekamo ndi momwe muli ntchito. Nthawi zina kungotsegula kanjira ka mamita atatu pakati pa mapuloti awiri kumabweza mahekitala asanu omwe anali otayika.

Kenako kuwerenga. Masiku atatu, limodzi likhale la msika, kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka 7 koloko madzulo. Munthu mmodzi ndi kope pamalo aliwonse pomwe anthu amadutsa njanji, wina powerenga minibasi zonyamuka ola lililonse, wina powerenga akabaza oima nthawi yomwe achulukitsitsa. Tinjira topondeka todutsa pa miyala ya njanji tisakukwiyitseni. Ndi umboni waulere wa pomwe anthu akufuna podutsa.

Malowa ndi a yani

Apa ndi pomwe mapulani ambiri amafera, ndipo amafa mwakachetechete. Kuzungulira siteshoni imodzi mupeza malo a njanji, omwe ndi a boma koma amayendetsedwa ndi kampani ya CEAR yomwe inatenga njanji mu 1999. Malo a msewu, omwe pa msewu waukulu ngati M2 ndi mamita 60, kutanthauza 30 mbali iliyonse kuchokera pakati. Mapuloti a lizi. Malo a maesiteti. Ndi malo a makolo. Musaganizire m'lifupi mwa malo a njanji poyang'ana pomwe anthu analekezera kulima. Funsani mapu kwa eni njanji, ndipo saveya adzaike mabikoni anthu akuona, masana, mfumu ili pomwepo. Komanso Luchenza ili m'malire a Thyolo ndi Mulanje, ndipo wa kabaza wopalasa mphindi 15 wadula kale makilomita atatu, walowa m'dera la khonsolo ina. Khonsolo ya Luchenza ikakonza zake yokha, osakhala pansi ndi makhonsolo a Thyolo ndi Mulanje, mashedi ndi mapuloti omwe yakana adzangomera kutsidya kwa malire.

Pa malo a makolo, kumbukirani kuti kuno n'kwa chikamwini. Bambo amene mwamupeza akulima pamundapo, amene walandira alendo n'kuyala mkeka, nthawi zambiri ndi mkamwini. Munda ndi wa mbumba ya mkazi wake, ndipo mawu omaliza ali ndi amayiwo pamodzi ndi mwinimbumba. Mukasayinitsa mkamwini n'kumupatsa chipepeso, dziwani kuti mudzalipira kawiri, kachiwiriko mlandu uli kale kwa a T/A. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo omwe wapampando wake ndi gulupu, mamembala ena asanu ndi mmodzi, ndipo atatu mwa iwo ayenera kukhala amayi. Dzerani kumeneko. Manda ajambulidwe pa mapu tsiku loyamba lomwe, ndipo msewu uwazungulire. M'maboma awiriwa, momwe malo ndi ochepa kale chifukwa cha minda ya tiyi, kunena zosamutsa manda ndi kuitana udani womwe pulojekiti singaupirire. Pulani ikatha ipite kukavomerezedwa monga lamulo la mapulani a malo la 2016 likunenera, chifukwa pepala losavomerezeka silingaletse munthu kuthira faundeshoni pakati pa msewu wanu.

Mamita 100 oyambirira

Taimani pa siteji iliyonse ya pa M2 kwa mphindi khumi. Minibasi ikamachepetsa liwiro, kondakitala watulutsa kale mutu pazenera, oitanira agwira kale chikwama cha munthu yemwe sananene n'komwe kopita, amayi a nthochi ndi chinangwa chophika akuthamangira m'mazenera mabeseni ali m'mwamba. Dalaivala sazimitsa injini, maso ali pagalasi kuyang'ana minibasi yakumbuyo. Amenewo ndiye maphunziro onse a kamangidwe ka depoti. Dalaivala amakana depoti yomwe imamudyera mphindi zisanu, chifukwa pa mphindi zisanuzo mnzake wanyamula anthu ake. Wogulitsa naye amatsata mapazi a anthu, satsata denga.

Motero depoti ikhale ndi polowera ndi potulukira posiyana, magalimoto aziyenda mbali imodzi osabwerera chambuyo, ndipo kupatuka pamsewu, kutsitsa, kukweza ndi kubwereranso kusapitirire mphindi ziwiri kwa minibasi yongodutsa. Minibasi imodzi imafuna malo a mamita atatu m'lifupi ndi asanu ndi awiri m'litali. Njinga yamoto imafuna mita imodzi ndi mamita awiri, kotero njinga 40 pamodzi ndi kanjira kotulukira zimadya masikweya mita pafupifupi 150. Apatseni akabaza malo amenewo poonekera, pa mthunzi, pakhomo penipeni potulukira anthu. Mukawaika kuseri adzabwera okha kutsogolo, n'kutseka khomo. Magalimoto a anthu wamba ndiwo apite kumapeto.

Kuchokera pa depoti kufika pa pulatifomu pasapitirire mamita 100 kapena 150, njira yake ikhale ya mamita anayi kapena asanu, ndipo mabenchi a msika andandalikane m'mbali mwa njira yomweyo. Misika yomangidwa bwino, ya malata atsopano, koma ili mamita 300 kuseri kwa masitolo, imasanduka kogona mbuzi pomwe mavenda abwerera kumsewu. Chimbudzi cholipira, mpopi wa madzi ndi magetsi a sola pa mamita 25 kapena 30 aliwonse zikhale mu gawo loyamba la ntchito, osati "zidzabwera". Sitima ikafika mochedwa, usiku, njira ya mdima imapangitsa amayi kusankha minibasi ulendo wotsatira.

Pulatifomu: bogi ya anthu ndi yotalika pafupifupi mamita 20, ndiye mabogi asanu ndi imodzi akufuna mamita 120, onjezanipo 30 a mtsogolo. M'lifupi isachepere mamita anayi, chifukwa okwera a kuno sabwera ndi kachikwama, amabwera ndi matumba, njinga ndi nkhuku. Pokwerera a njinga za olumala patsetsereke mita imodzi pa mamita 12 aliwonse, osapitirira apo.

Podutsa njanji

Njanji imadula dera lanu pakati. Podutsa pakakhala pamodzi pokha, theka la anthu omwe munawawerengera lili kutsidya. Yankho lomwe limabwera msanga pa misonkhano ndi mlatho wa pamwamba. Werengani kaye: kuti sitima idutse pansi, mlathowo ukwera pafupifupi mamita asanu ndi imodzi, omwe ndi masitepe 40 kukwera ndi 40 kutsika. Njinga yonyamula matumba awiri a nandolo siikwera pamenepo. Mukati muike potsetsereka, ndi mamita 72 mbali iliyonse, osawerengera popumira. Anthu adzaboola mpanda pansi pa mlatho womwewo.

Pa njanji ya sitima zowerengeka, podutsa pa pansi pokonzedwa bwino ndi pabwino kuposa mlatho wosagwiritsidwa ntchito. Njira idutse njanji molunjika, osati mopingasa mwa chammbali, chifukwa teyala la njinga limagwera mumpata wa m'mbali mwa chitsulo. Mbali zonse ziwiri pakhale kampanda kokhotakhota kokakamiza munthu kutsika panjinga ndi kutembenuza nkhope kuyang'ana uku ndi uku. Chofunika kwambiri ndi kuona patali. Sitima yothamanga makilomita 50 pa ola imadula mamita 14 pa sekondi. Munthu wokankha njinga ya katundu amatenga masekondi khumi kuti awoloke. Ndiye ayenera kuiona sitima ili pa mamita 140, ndipo kuti pakhale mpata tinene 200 mbali iliyonse. M'dera limeneli musakhale chimanga, nthochi, okala kapena mulu wa njerwa. Sitima ya katundu siima ngati minibasi. Dalaivala akamanga mabuleki imapitabe mamita mahandiredi angapo. Podutsa paliponse pavomerezedwe ndi eni njanji, ndipo m'kati mwa tawuni pakhale pamodzi pa mamita 400 kapena 500 aliwonse.

Madzi

Gawo ili ndi lomwe silioneka pa zithunzi zokongola za pulani, koma ndi lomwe limadula njanji. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Mvula ya mamilimita 50 pa ola, yomwe kunsi kwa phiri la Mulanje si yachilendo, imathira malita 500,000 pa hekitala. Pa munda, ambiri amalowa pansi, othamanga ndi pafupifupi 150,000. Hekitala yomweyo mukaifolera malata n'kuiwaka simenti, othamanga ndi 450,000, kapena kuti malita 125 pa sekondi. Mahekitala 20 omangidwa ndi malita 2,500 pa sekondi, pomwe paipi ya mamilimita 600 imanyamula mahandiredi ochepa chabe, ikakhalanso yoyera.

Nanga imakhala yoyera? Suzumirani mu kalavati ya pafupi ndi msika mwezi wa Novembala: makoko a nzimbe, majumbo, mabotolo, mchenga wofika theka la paipi, pena ndi chitsa cha nthochi. Makalavati a pansi pa njanji anayezedwa kalelo kumtunda kuli minda. Mukamanga tawuni kumtundako osawaonjezera, madzi amaima kuseri kwa chimulu cha njanji ngati damu, dothi limafewa, matope amalowa m'miyala, ndipo tsiku lina zitsulo zimatsala zili lende m'malere.

Ngalande iyambe kukonzedwa kumunsi, komwe madzi akukathirira, kukwera chakumtunda. Ambiri amayambira pa msika chifukwa ndi poonekera, madziwo n'kukathera m'nyumba za anthu. Paipi yodutsa pansi pa msewu isachepere mamilimita 900, kuti munthu athe kulowamo ndi fosholo. Pakamwa pake pakhale zitsulo zotchinga zinyalala ndi kadzenje kogwira mchenga, ndipo kuyeretsa kulembedwe mu bajeti ya Okutobala chaka chilichonse. Njira yotsika mtengo yochedwetsera madzi ndi bwalo la mpira: la mamita 100 ndi 60, lokumbidwa kutsika theka la mita, limasunga malita 3 miliyoni, omwe ndi madzi a mahekitala asanu ndi imodzi kapena asanu ndi awiri pa mvula ija, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Anyamata adzadandaula masiku awiri, lachitatu akusewera. M'mbali mwa zimulu dzalani vetiva. Ndipo komwe dothi ndi la makande, lomwe limafufuma dzinja n'kung'aluka chilimwe, nyumba yosanja isamangidwe dothi lisanayezedwe. Pa katondo nkhawa ndi yochepa.

Anthu angati

Nyumba zosanja kakhumi sizikufunika. Tengani puloti ya mamita 15 ndi 25. Pa hekitala, mukachotsa gawo la misewu ndi ngalande, mutsala ndi masikweya mita 7,000, omwe ndi mapuloti 18. Pa mahekitala 50 aja chotsani 20 a njanji, msika, depoti, sukulu ndi bwalo. Otsala 30 akupatsani mapuloti 540. Kalembera wa 2018 anapeza kuti banja la m'Malawi limakhala ndi anthu 4.4, ndiye banja limodzi pa puloti ndi anthu pafupifupi 2,400. Koma mukalola mabanja atatu pa puloti, monga zilili kale ndi nyumba za lendi za mdadada, kapena sitolo pansi nyumba pamwamba, anthu akufika 7,100. Luchenza yonse pa kalembera yemweyo inali ndi anthu ongopitirira 12,000. Ndiye kuti oposa theka la tawuni angathe kukhala pamtunda wa mphindi zisanu kuchokera pokwerera, popanda chikepe ngakhale chimodzi.

Kuthithikana kotereku kuli ndi mtengo wake. Chimbudzi chokumba chimayenera kutalikirana ndi chitsime mamita 30, ndipo pa mapuloti a mamita 15 zimenezo sizitheka. Madzi a m'mipopi afike anthu asanachuluke, ndipo puloti iliyonse isiye mpata woti galimoto yopopa zimbudzi ifike. Mdadada wa mapuloti usatalike kupitirira mamita 150 popanda kanjira kodutsa. M'misewu yolowera ku siteshoni, makomo ayang'ane kumsewu. Mpanda wa njerwa wautali mbali zonse ziwiri umasandutsa njira kukhala mpita wa achifwamba. Filing'i siteshoni, kotsukira magalimoto ndi kogulitsira matabwa zimadya malo aakulu koma sizibweretsa wokwera, choncho zipite kunja kwa mamita 400.

Katundu akhale tsidya lina

Ndalama yeniyeni ya njanji ya kuno ili mu katundu. Koma tisanamizane: kuchoka pa Luchenza kupita ku Limbe ndi pafupi kwambiri moti kukweza mu lole, kutsitsa, kukweza mu sitima, kutsitsanso, kumadya phindu lonse. Sitima imapambana pa ulendo wautali, wa ku doko la Nacala kudzera pa Nkaya ndi Nayuchi, kapena wa ku Beira njira ya kumwera ikadzalumikizika. Shedi ya pa Luchenza ikonzedwe ndi maso a kontena yopita ku doko.

Anthu mbali ina ya njanji, mathiraki mbali ina, aliyense ndi msewu wake. Thiraki ya ngolo imafuna mamita 15 kuti ikhote, ndi bwalo la mamita 35 kutsogolo kwa shedi kuti ibwerere chambuyo; kontena yaitali ndi mamita 12. Pansi pa shedi pakwere mita imodzi ndi masentimita 10 kapena 20 kuti palingane ndi thiraki, apo ayi matumba 600 a matani 30 adzakwezedwa pamutu limodzilimodzi. Shedi ingagwire ntchito pafupifupi chaka chonse, chifukwa nandolo, yemwe wambiri amapita ku India, amatuluka Ogasiti mpaka Okutobala, feteleza amalowa mvula isanagwe, tiyi amachuluka Disembala mpaka Epulo. Koma zisagone chipinda chimodzi. Tiyi amayamwa fungo ndi chinyezi. Mukamuyandikiza ndi feteleza, dizilo kapena usipa, wogula adzamukana. Matumba akhale pa mapaleti, mita imodzi kutalikira khoma, makamaka masiku a chiperoni pomwe makoma amachita thukuta. Mapiritsi ophera anankafumbwe amatulutsa mpweya wakupha, kotero shedi ya mbewu isagundane ndi nyumba zogona. Tomato, chinanazi ndi nthochi ndi za tsiku lomwelo. Popanda nthawi yodalirika ya sitima, zisiyeni pa msewu.

Nanga bwalo la ndege?

Chileka ili makilomita pafupifupi 16 kuchokera pakati pa Blantyre, ndipo njanji siilowa m'bwalomo. Wochokera ku Luchenza atsika ku Limbe kapena ku Blantyre, n'kukwera galimoto yodzera pa Kameza. Njanji yathu ndi ya mzere umodzi, sitima zimapatukirana pa masiteshoni, ndipo imodzi ikachedwa inzake imadikira. Munthu wa tikiti ya ndege sangaike ulendo wake pa chiswe chotero. Tiyi naye sakwera ndege, kupatula timapaketi ta zitsanzo topita kwa ogula. Omwe angapindule ndi alendo opita ku phiri, ku Likhubula ndi ku Sapitwa, amene sali pa changu pobwera, ngati pa siteshoni ya Blantyre pangakhale basi yodikira sitima yopita ku Chileka, ndipo pa Luchenza pangakhale galimoto ya ku Chitakale pakhomo pomwepo. Zoposa apo, wokugulitsani puloti ya ku Thyolo ponena za bwalo la ndege akukugulitsani mphepo.

Komabe anthu ena a kuno amagula malo chakumpoto kwa Blantyre, ndipo siteshoni iliyonse yomwe ingadzakonzedwe kufupi ndi Chileka ili ndi malamulo omwe Luchenza ilibe. Miyezo ya ICAO, bungwe loona za ndege padziko lonse, pa mabwalo akuluakulu imati kutsogolo kwa msewu wothamangapo ndege, chinthu chisatalike kupitirira mamita awiri pa mamita 100 aliwonse otalikira: mamita 10 pa theka la kilomita, mamita 20 pa kilomita. Muyeso umayambira pa msinkhu wa msewu wa ndegewo, osati pa puloti yanu, ndiye ngati puloti ili pa chitunda cha mamita 15, pa kilomita mwatsala ndi asanu okha, ndipo thanki ya madzi, nsanja ya foni ngakhale bulugama zimawerengedwa. Kuzungulira bwalo mpaka makilomita anayi, malire ndi mamita 45. Mtaya, kophera ng'ombe ndi maiwe a zonyansa zimaitana akhwangwala ndi akakowa, ndipo mbalame imodzi mu injini ndi ngozi. Zoterezi zimaunikidwa mpaka makilomita 13, mtunda womwe ukufika ku Chirimba. Utsi wa mauvuni a njerwa ndi magetsi owala moloza kumwamba nazo n'zosafunika. Apa pali mkangano weniweni: siteshoni imafuna anthu ambiri pafupi, ndege imafuna anthu ochepa pansi pake. Pa siteshoni ya Rhodesfield, yoyandikana ndi OR Tambo, nkhani ndi yomweyo. Kothera kwake n'kwakuti pansi pa njira ya ndege pakhale mashedi, magalaja ndi koimika magalimoto, pomwe nyumba, sukulu ndi chipatala zipite chammbali, komwe phokoso ndi lochepa. Musanagule, funsani a zandege, osati wogulitsa.

Ndalama ndi ndondomeko

Malo a m'mamita 100 oyambirira asagulitsidwe. Khonsolo ikagulitsa lero imalandira kamodzi, ndipo mtengo ukadzakwera chifukwa cha depoti yomwe yamanga ndi ndalama za anthu, wodyerera ndi dobadoba. Kubwereketsa pa lizi, ziphaso za msika, za depoti ndi msonkho wa malo ndi zomwe zimalipira woyeretsa ngalande chaka ndi chaka. Puloti iliyonse yoperekedwa ikhale ndi malire a nthawi yomangira, chifukwa puloti yongozunguliridwa ndi waya kwa zaka khumi pakhomo pa siteshoni ndi dzino lobooka. Chaka choyamba ndi cha mapu, mabikoni ndi kumvana ndi eni malo, kenako ngalande ndi podutsa njanji, kenako depoti, akabaza ndi mabenchi, mapuloti pambuyo, nyumba yokongola ya siteshoni pamapeto penipeni.

Chovuta ndi malo omwe mwasungira mtsogolo: mzere wachiwiri wopatukira sitima, kutalikitsa pulatifomu, shedi ina. Malo ongokhala kuno sakhalitsa. Chaka choyamba wina adzalapo chimanga, chachiwiri aikapo okala, chachitatu njerwa zafika pazenera, ndipo bikoni inazulidwa kalekale, ikuchirikiza mphika penapake. Apatseni ntchito yooneka koma yosamutsika: msika wa kaunjika wa kamodzi pa sabata, poyanikira nandolo, bwalo la ntchemberembaye, kapena mabenchi a matabwa a chiphaso cha chaka chimodzi cholembedwa kuti simenti ndi yoletsedwa. M'malire mwake dzalani mzere wa mitengo yosatalika, ndipo mu Meyi aliyense, udzu ukangomwetedwa, saveya, mfumu ndi wapampando wa msika ayende limodzi kuwerenga mabikoni.